Teni ndi Sikisi: Moyo wa Bambo Wardell Narcisse

Bambo Wardell Narcisse anamwalira Lachiwiri pa 7 Febuluwale 2023, kunyumba kwawo, ali ndi zaka 68. Pa zaka zimenezi, 47 anakhala m'ndende.

Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi alongo, ndi inu nonse amene mwabwera kudzatikhuza: ine ndine Yvonne Celestine, mwana wa Mayi Verna, mlongo wawo wa malemu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya amalume angawa. Mwezi watha, ali chigonere, anandiuza kuti, "Yvonne, usakandisandutse mngelo. Anthuwo amandidziwa. Ukanene zimene zinachitika, ndipo madeti usakaphonye." Ndiyesetsa kutero.

Chinthu chimodzi ndichineneretu. Achimwene awo a malemu, a Clovis Narcisse, simukuwaona pano chifukwa akadali m'ndende, ali ndi zaka 70. Pa 9 Malichi akaonekera pamaso pa komiti yomasula akaidi. Komitiyi situlutsa munthu amene alibe kofikira, ndipo nyumba yomwe inavomerezedwa kuti akafikire ndi ya malemuwa.

Malemu anabadwa pa 12 Epulo 1954 ku Coulee Rouge, m'nyumba za antchito a pa esiteti ya nzimbe. Anali mwana wachitatu komanso womaliza wa Bambo Alcide ndi Mayi Eulalie Narcisse. Oyamba ndi amayi anga, a Verna, obadwa mu 1950, kenako a Clovis, obadwa pa 20 Ogasiti 1952.

Sukulu anayamba mu 1960, pa sukulu ya ana akuda ya zipinda ziwiri yomwe inali kuseri kwa tchalitchi chakale cha mpingo uno. Inkatsekedwa mu Okutobala kudula nzimbe kukayamba, n'kudzatsegulidwa chaka chatsopano chitalowa. Mabuku ankafika atatha kale ntchito ku sukulu ya azungu, ena masamba atathothoka. Bambo awo atamwalira mu 1966, malemu anasiya sukulu ali kalasi yachisanu, nayamba kutungira madzi anthu odula nzimbe. Dzina lawo ankatha kulemba. Chiganizo chathunthu sankatha kuwerenga.

Loweruka pa 3 Okutobala 1970, masana, kapitawo wa pa esiteti anatuma malemu ndi a Clovis kukagula mafuta a thirakitala pa malo omwetsera mafuta a m'tauni muno. Ankagulitsa tsikulo anali Ronnie Guilbeau, mzungu wa zaka 22, mwana wa mwini malowo. Atafunsa ngati zigubu zonse zadzadza, a Clovis anayankha kuti, "Eya." Sanawonjezere "bwana".

"Eya chiyani?" anafunsa Ronnie.

"Eya basi."

Ronnie anatola chitsulo chomasulira matayala n'kumenya nacho a Clovis paphewa ndi pakhutu. Khutu limenelo silimva mpaka lero. Malemu anathamangira pomwepo n'kumukankha. Ronnie anagwa chagada, mutu unamenya konkire ya pampu, ndipo anamwalira Lolemba pa 5 Okutobala. Anasiya mkazi ndi mwana wamkazi wa miyezi isanu.

Dzina limeneli ndalitchula pano chifukwa malemu anandilamula. Anati, "Munthu anafa, Yvonne. Ukamanena zanga unenenso zimenezo. Ndipo anamukankha ndine, si achimwene." Pa nthawiyo malemu anali ndi zaka 16. A Clovis anali atangokwanitsa zaka 18.

Onse awiri anawatsegulira mlandu wakupha, umene chilango chake chinali imfa. Khoti linawapatsa loya, yemwe anakumana nawo kawiri. Amayi anga amakumbukira zomwe loyayo anauza agogo a Eulalie pakhonde la khoti: "Eulalie, tamvera. Mlanduwu ukafika kwa ogamula khumi ndi awiri aja, onse ndi azungu, ndipo onse amamwetsa mafuta kwa Guilbeau. Ana akowa akathera pa mpando wamagetsi. Akavomera, ndi moyo wonse. Koma moyo wonse kuno ndi teni ndi sikisi, aliyense akudziwa."

Loyayo sankanama. Achinyamata amene muli muno mwina simunamvepo mawu amenewa. Kale kuno ku Louisiana, munthu wolamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse, akasunga khalidwe, kawirikawiri ankatuluka patatha zaka khumi ndi miyezi isanu ndi umodzi. Anthu ankangoti teni ndi sikisi. Alimi ankadziwa, abusa ankadziwa, majaji ankadziwa. Koma pa chigamulo sankalembapo zimenezo. Lolemba pa 18 Januwale 1971 anyamata awiriwa anavomera mlandu, ndipo jaji ananena kuti moyo wonse.

Chaka chomwecho, m'khoti lomwelo, mnyamata wachizungu wa zaka 17 amene anapha bambo wachikuda pa ndewu anamulamula zaka zitatu, ndipo anatuluka chaka chachiwiri chisanathe. Ndinapita ndekha kukatsimikiza.

Mu Febuluwale 1971 anawatumiza ku ndende yaikulu ya boma. Zaka khumi zoyamba malemu analima m'minda ya ndendeyo, thonje ndi nyemba, khasu m'manja, mlonda ali pa kavalo ndi mfuti. M'zaka zimenezo lamulo linasintha kangapo, ndipo mu 1979 teni ndi sikisi anaichotseratu, ngakhale kwa anthu omwe anavomera milandu akudalira iyo. Anyamatawa anazindikira msanga, poona anzawo omwe nthawi yawo inakwana koma osatuluka. Koma iwo sanauze amayi awo. Tsiku lochezera likamayandikira ankakankhizana. A Clovis ankati, "Uwauze ndiwe, ndiwe wapamtima." Malemu ankati, "Wamkulu ndinu, achimwene." Zaka ziwiri zinadutsa chomwecho.

Agogo a Eulalie ankawerengera kuchokera tsiku la chigamulo. Loweruka pa 18 Julayi 1981 anapha nkhuku zisanu ndi imodzi, anaphika msuzi wa gumbo mapoto awiri, ndipo amayi a mpingo uno anakongoletsa holo. Anagula malaya awiri atsopano, saizi yake yongoganizira. Anabwereka galimoto ya adikoni n'kunyamuka ndi amayi anga. Pachipata cha ndende mlonda anawafunsa kuti, "Anakuuzani ndani kuti atuluka lero?" Agogo anati loya. Mlondayo anati, "Zimenezo zinatha kale. Moyo wonse ndi moyo wonse." Anawalola kulowa ngati alendo odzacheza. Agogo anakhala pansi, anayang'ana ana awo onse awiri, n'kufunsa kuti, "Munkadziwa?" Onse awiri anaweramitsa mitu. Patapita kanthawi agogo anati, "Mukanandiuza ndisanaphe nkhuku." Chakudyacho chinadyedwa madzulo a tsikulo m'holo ya mpingo, ngati chakudya cha pamaliro. Ena mwa inu munalipo.

Sabata yotsatira malemu anapempha malo m'kalasi ya m'ndende. Anauza amayi anga kuti, "Achemwali, mawu awiri okha, moyo wonse, atimeza tonse. Ndikufuna ndiwadziwe enawo asanatimezenso." Anawakaniza. Malo ankayamba kupatsa anthu omwe atsala pang'ono kutuluka, ndipo wa moyo wonse ankamuika kumapeto chifukwa akuti maphunziro alibe kokawagwiritsa ntchito. Malemu anapempha ntchito yosesa m'kalasimo, ndipo anawapatsa. Ankasesa pang'onopang'ono, maso ali pa bolodi. Tsiku lina mphunzitsi anati, "Narcisse, pamenepo wasesapo katatu, pabooka. Tsamiritsa tsachelo, ukhale pansi." Dzina lawo linalowa m'kaundula wa ophunzira mu 1983. Satifiketi ya sekondale anaipeza mu 1986, ali ndi zaka 32.

Kuyambira 1987 mpaka 2018 malemu anali mphunzitsi wa akaidi anzawo. Mu 2001 analandira digiri ya zaumulungu pa sukulu ya Baibulo yomwe inkaphunzitsira m'ndende momwemo. Anzawo ankawatcha a Dikishonale, chifukwa buku lotanthauzira mawu silinkachoka m'khwapa mwawo. Wophunzira akawerenga mawu bwinobwino n'kufuna kupitirira, iwo ankaika chala pa mawuwo n'kufunsa kuti, "Akutanthauza chiyani? Nanga ali ndi mphamvu yowasintha ndani?" Ena ankatopa nawo n'kuthawa kalasi. Sanali mphunzitsi wofatsa, ndipo munthu akafika mochedwa sankamutsegulira chitseko. Chiwerengero cha anthu omwe anawaphunzitsa sindikuchidziwa. Ena akuti mazana atatu, ena akuti kuposa pamenepo. Chomwe ndatsimikiza n'chakuti asanu ndi anayi mwa iwo ali muno lero, ndipo asanu ndi mmodzi ndi amene anyamula bokosi.

Loweruka pa 15 Juni 1991 malemu anamanga ukwati ndi Mayi Odessa Prejean m'kachisi wa m'ndende. Mayi Odessa anali amasiye, a mwana mmodzi, Renée. Ankachapa zovala pa chipatala, ndipo anadziwana ndi malemu atapita ndi kwaya kukaimba kundendeko. Abusa atafika pofunsa ngati adzawakonda moyo wawo wonse, malemu anati, "Abusa, ndifunse kaye. Moyo wonse uti? Wa teni ndi sikisi kapena winawu?" Mayi Odessa sanadikire abusa. Anati, "Umene muli nawo kalewo, a Wardell. Vomerani, basi yanga inyamuka." Anakhala pabanja zaka 23 osagona denga limodzi. Mayiwa ankakwera basi kawiri pamwezi kukawaona, mpaka anamwalira mu Okutobala 2014. Kumaliro awo malemu sanaloledwe kupita. Kumaliro a agogo a Eulalie, mu 1996, alonda anabwera ndi malemu ndi a Clovis ali m'maunyolo, koma anawabweza anthu asananyamuke kupita kumanda.

Pa zaka zonsezi munthu mmodzi yemwe anakana kuphunzitsidwa ndi malemu ndi achimwene awo. A Clovis ankakonza mathirakitala ku galaja ya ndende, ndipo injini ankaidziwa ndi khutu lawo limodzi lija. Malemu akawaitanira kukalasi ankayankha kuti, "Iwe, ndinakuphunzitsa kupalasa njinga ndine. Lero undiimbitse a-e-i-o-u pamaso pa ana?" Nthawi zina ankangoti, "Ndiphunzire kuti ndikawerenge chiyani? Mwala wa pamanda anga?"

Mu Januwale 2016 khoti lalikulu la dziko lino linagamula kuti anthu omwe anatsekeredwa moyo wonse ali osakwana zaka 18 milandu yawo iunikidwenso, ngakhale yakalekale. Malemu analowamo. A Clovis sanalowemo: pa tsiku la ndewu lija anali atadutsa zaka 18 ndi masabata asanu ndi limodzi. Amene anakankha anali ndi njira yotulukira, amene anamenyedwa analibe. Malemu anatiuza kuti sakaonekera ku komiti, satuluka okha. A Clovis atamva anawatsata kukalasi, ulendo wawo woyamba kulowa m'chipindacho, n'kuwauza ophunzira akumva kuti, "Mabuku onsewa, nzeru ulibe? Tuluka ukakonze nyumba. Ukuti ndidzafikire kuti, pansi pa mlatho?" Malemu anati atuluka pokhapokha a Clovis alembetse kalasi. Anagwirana chanza pomwepo. Malemu anatuluka Lachiwiri pa 22 Meyi 2018, ali ndi zaka 64.

Chaka choyamba anakhala m'nyumba ya bungwe lothandiza anthu otuluka m'ndende. Mu Ogasiti 2019 anapeza nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri mu msewu wa Pecan. Chipinda chachiwiri anaikamo bedi, ndipo sanalole aliyense kugonamo, ngakhale ine mvula itanditsekereza. Ankaphunzitsa akuluakulu kuwerenga ku laibulale ya m'tauni muno masiku atatu pasabata, mpaka Novembala chaka chatha. Mu 2019 momwemo anapempha, kudzera ku ofesi yoyenera, kuti akumane ndi mwana wa Ronnie Guilbeau. Mayiyo anakana. Malemu anati, "Ndi ufulu wawo," ndipo sanapemphenso.

A Clovis anasunga pangano. Ankawaphunzitsa ndi mmodzi mwa anthu omwe anaphunzitsidwa ndi malemu. Kuwerenga anagwira msanga, koma masamu anawagwetsa mayeso kawiri. Lamulungu lililonse, a Clovis akaimba foni, malemu ankawafunsa masamu a magawo pogwiritsa ntchito masipanala. Ndinawamvapo akukuwa pafoni kuti, "Achimwene, sipanala ya hafu ndi ya naini pa sikisitini, yaikulu ndi iti?" Yankho linali lakuti, "Usandifunse zachibwana." Malemu anati, "Ndiye lembani zomwezo pa pepalapo." A Clovis anakhoza mu Novembala 2021, ali ndi zaka 69. Mu 2022 boma linapereka mwayi kwa okalamba a teni ndi sikisi omwe atsala kuti akaonekere ku komiti, ndipo a Clovis anapatsidwa tsiku la 9 Malichi chaka chino.

Malemu anayamba kudandaula m'mimba mu Sepitembala 2022. Pa 10 Novembala madokotala anapeza khansa ya kapamba, itafalikira kale. Anawauza kuti agonekedwe m'chipatala, koma anakana, chifukwa wa boma woyendera nyumba za anthu ofuna kulandira akaidi anali asanabwere. Anati, "Akapeza nyumba yotseka alemba kuti kulibe munthu." Woyenderayo anafika pa 13 Disembala. Malemu anadzuka, anavala tayi, anamuonetsa chipindacho ataimirira, dzanja litagwira chitseko. Nyumbayo inavomerezedwa. Tsiku lotsatira tinapita nawo kuchipatala. Anatuluka pa 20 Januwale madokotala atanena kuti palibenso chomwe angachite, ndipo anamwalirira m'chipinda chawo, amayi anga ndi ine tili pomwepo.

A Clovis anauzidwa ndi abusa a m'ndende tsiku lomwelo. Anapempha kuti abwere kudzaika mng'ono wawo, koma sanaloledwe. Atandiimbira foni anati, "Mwana ameneyu. Wandikonzera nyumba, iye n'kusamuka."

Malemu asiya achimwene awo, a Clovis Narcisse. Mlongo wawo, Mayi Verna Celestine. Mwana wawo wopeza, Mayi Renée Prejean a ku Houston, ndi adzukulu awiri, Marcus ndi Odette. Ineyo ndi ana anga. Ndiponso ophunzira awo, a kunja kuno ndi a mkati.

Banja likuthokoza anamwino omwe ankabwera kunyumba masabata omaliza, ogwira ntchito ku laibulale omwe ankasinthana kubweretsa chakudya, amayi a mpingo uno omwe atiphikira lero, abambo onyamula bokosi, ndi inu Abusa, chifukwa munkawayendera ngakhale ankakutsutsani pa matanthauzo a mavesi. Tikuthokozanso akaidi a m'kalasi ya malemu, omwe atumiza uthenga wopepesa wolemba ndi manja awo. Amalume, mwagwira ntchito yanu. Ambuye akulandireni, muuse mumtendere.

Ndisanakhale pansi, ndinene za a Clovis monga mmene zilili. Nyumba ya mu msewu wa Pecan inali m'dzina la malemu, ndipo mwini wake akufuna makiyi pa 28 Febuluwale. Amayi anga amakhala kunyumba yosungira okalamba. Ine ndimakhala m'nyumba zothandizidwa ndi boma, zomwe malamulo ake salola munthu wa mlandu ngati umenewu, ndinafunsa, anandikaniza. Mayi Renée ndi okonzeka, koma ali ku Houston, kunja kwa Louisiana, ndipo chilolezo chosamutsira munthu kumeneko chimatenga miyezi. Loya wa a Clovis akuti akapita ku komiti opanda kofikira angathe kukanidwa, ndipo akakanidwa sangapemphenso mpaka patapita zaka. A Clovis amadwala shuga ndi mtima.

Chofunika ndi chipinda chimodzi, m'nyumba yopanda mfuti, mwini nyumba atavomera, ndiponso munthu woti woyendera akabwera amupeze pakhomo. Bedi lilipo. Dzina la wolandira liyenera kufika ku ofesi pofika Lachisanu likubwerali, pa 24 Febuluwale, ndipo Lachiwiri ndi tchuthi cha Mardi Gras, maofesi adzakhala otseka. Mabanja awiri anandiuza kuti akaganizira. Pofika m'mawa uno palibe amene wayankha.